Pini ya mfuti ikalimba, Mulanje akufunika mmisiri

Mfuti zambiri za asilikali, apolisi ndi alonda zinapangidwa moti wozinyamula azitha kuzitsegula ndi manja okha akafuna kuzitsuka. Zigawo zake zikuluzikulu zimalumikizidwa ndi mapini achitsulo omwe amatuluka munthu akawakankha ndi chala. Tsono zimachitika kuti tsinde la mfuti, mbali ija imatsamira paphewa powombera, lang'aluka kapena ladyeka, ndipo aikapo lina. Ntchito ikatha, pini yomwe dzulo inkayenda bwinobwino lero yakakamira, kapena yatuluka koma ikukana kubwerera m'malo mwake. Dzanja la munthu pamenepo limathamangira hamala, ndipo hamala ikalephera limathamangira tupa. Ine ndikuti pini yotere si yoimenya, chifukwa kulimba kwakeko kukusonyeza kuti china chake sichinakhale bwino pobwezeretsa tsinde, ndipo chinthucho chimapezeka munthu akamasulanso modekha zomwe anamanga. Ndikutinso anthu onyamula mfuti movomerezeka m'boma la Mulanje sadzasiya kumenya mapini ngati mmisiri wa mfuti akhalabe munthu wongomumva kuti ali ku Zomba, ku Limbe kapena ku Lilongwe. Boma lomwe limapereka mfuti kwa antchito ake ndi ziphaso kwa anthu wamba liyenera kuperekanso mmisiri woziyendera mfutizo kumene zili.

Nyengo ya ku Mulanje imazunza thabwa ndi chitsulo chomwe. Kumwera kwa phiri, cha ku Lujeri ndi ku Ruo komwe tiyi amakonda, malo ena amalandira mvula yoposa mamilimita 2,000 pachaka, ndipo dzinja likatha chiperoni chimabwera ndi nkhungu ndi mvula yamawawa kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Pamwamba, ku Lichenya, ku Chambe ndi ku Thuchila, mlonda akhoza kuyenda tsiku lonse mu udzu wonyowa. Tsinde lathabwa limamwa chinyezicho n'kutupa monga chimachitira chitseko cha nyumba m'dzinja, kenako limauma ndi dzuwa la Okutobala n'kuyamba kugwedera, ndipo likatero zaka zingapo limang'aluka. Lapulasitiki silitupa, koma limasweka mfuti ikagwera pathanthwe. Choncho kusintha tsinde kuno si nkhani yofuna kukongoletsa mfuti monga amachitira anthu a ku America omwe amagula zipangizo zatsopano chifukwa chongozikonda. Kuno tsinde limasinthidwa chifukwa lakale latha, ndipo lolowa m'malo mwake nthawi zambiri limachotsedwa pa mfuti ina yomwe inafa kale. Mfuti zovomerezeka m'bomali zili ndi apolisi a pa Boma ndi a pa chipata cha Muloza, zili ndi oteteza nkhalango, zili ndi alonda a m'maesiteti ndi m'makampani achitetezo, komanso ndi anthu ochepa omwe ali ndi ziphaso zawo. Onsewa amakumana ndi nyengo imodzi.

Mtundu womwe vutoli limadziwika nawo kwambiri ndi M16 ndi inzake ya AR-15, zomwe zinachokera m'manja mwa Eugene Stoner ku kampani ya ArmaLite ku America chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Mfuti imeneyi ili ndi zigawo ziwiri, chapamwamba chonyamula mpope ndi chapansi chonyamula chokhethemulira, ndipo zimagwirana ndi mapini awiri. Pini yakumbuyo ndiyo imatsegula mfuti. M'mbali mwake muli kangalande, ndipo m'kangalandemo mumayenda kachitsulo kosafika sentimita imodzi komwe kamakankhidwa ndi sipuling'i yopyapyala. Kachitsulo kameneka ndi kamene kamaletsa pini kugwa pansi n'kutayika. Chinsinsi cha vuto lonse chili apa: sipuling'iyo imalowa pa kabowo ka kumbuyo kwenikweni kwa chigawo chapansi, ndipo chomwe chimaitsekera kuti isathawe ndi tsinde lomwelo, kapena kambale kachitsulo kokhala kutsogolo kwa tsinde losunthika. Pa mfuti ya tsinde losasunthika, palibe amene angasinthe tsinde osaikhudza. Pobwezeretsa, sipuling'i ikapanda kulowa mowongoka imapindika n'kupanidwa pakati pa zitsulo, ndiye kachitsulo kaja kamakanikiza pini mopitirira muyeso. Nthawi zina kachitsuloko kamadumpha n'kusowa, wina n'kudula kamsomali kuti kalowe m'malo mwake. Palinso chubu chomwe tsinde limavalapo, chimene chimalowa mopotedwa m'chigawo chapansi. Chikapotedwa mopitirira kamodzi kokha, mlomo wake umatulukira mkati n'kumakankha chigawo chapamwamba, ndipo mabowo a zigawo ziwirizo amasiya kupenyana.

Kupeza chomwe chalakwika kumangofuna ndondomeko. Choyamba, chimene sichisintha pa mfuti ya mtundu uliwonse, ndi kuchotsa magazini, kukokera kumbuyo chitsulo chokankha zipolopolo, ndi kuona ndi maso kuti kukamwa kwa mpope kulibe chipolopolo. Kenako chitsulocho chibwerere kutsogolo mpaka chitseke, chifukwa chikatsalira kumbuyo chimakhala chitalowa m'chubu chija ndipo mfuti singatseguke ngakhale pini itatuluka. Ngati pini yakakamira, mmisiri amafinya zigawo ziwirizo pamodzi kuti ziimasule, n'kuikankha ndi kanthu kofewa kuposa pini, monga pulasitiki kapena mkuwa. Akalekanitsa zigawozo amayesa pini pa chigawo chapansi chokha. Ikakhala yolimbabe ili payokha, vuto lili pa sipuling'i, pa kachitsulo kaja, kapena pa litsiro ndi dzimbiri za m'kangalande, ndiye amamasula tsinde, kutulutsa sipuling'i ndi kachitsuloko, kutsuka kabowo, kuika sipuling'i ina ngati yakale yapindika, kudonthezera oyilo pang'ono, n'kubwezeretsa akuyang'anitsitsa. Ikakhala kuti payokha ikuyenda bwino koma imalimba zigawo zikakumana, ndiye kuti mabowo akusemphana, ndipo choyamba kuchikayikira ndi chubu. Kuyesa kumodzi kumeneku kumasonyeza mbali yomwe vuto lili, ndipo kwa munthu wodziwa, wokhala ndi sipanala yake yoyenera, ntchito yonse siitha ola.

Yerekezani zimenezo ndi zomwe tupa amachita. Zigawo ziwiri za M16 ndi za aluminiyamu yomwe kunja kwake anaiumitsa ndi kakhungu kopyapyala kwambiri. Tupa kapena choboolera chikadya kakhunguko, chotsala ndi chitsulo chofewa chomwe chimadyeka msanga, ndipo bowo lomwe lero lakulitsidwa pang'ono m'tsogolo lidzachititsa kuti zigawo zizigwedera. Chigawo chapansi ndichonso chimakhala ndi nambala ya mfuti yomwe inalembedwa m'kaundula, moti chimenecho chikawonongeka palibe chongogula n'kuikapo, mfuti yonse yatha. Chida chomwe boma linagula ndi ndalama zakunja chimafa chifukwa cha sipuling'i yomwe ili m'gulu la tizipangizo totsika mtengo kwambiri pa mfuti yonseyo.

Mitundu ina ili ndi misampha yake. Mfuti ya G3 ya kampani ya Heckler & Koch, yomwe asilikali a West Germany anayamba kuigwiritsa ntchito mu 1959, ili ndi mbiri yaitali kutsidya kwa mtsinje wa Ruo, poti ndiyo inali mfuti yaikulu ya asilikali a Portugal pa nkhondo ya ufulu wa Mozambique ya 1964 mpaka 1974. Pa G3 tsinde limagwidwa ndi mapini awiri, ndipo limachoka pamodzi ndi sipuling'i yaikulu yomwe imabweza chitsulo chokankha zipolopolo mfuti ikalira. Mfutiyi inapangidwa m'mafakitale a mayiko angapo, monga Germany, Portugal, Pakistan, Iran ndi Turkey, ndipo tsinde la fakitale imodzi likavekedwa pa mfuti ya fakitale ina, kapena pa mfuti yomwe inagwapo n'kupindika pang'ono kumbuyo, mabowo akhoza kusemphana ndi kachigawo chabe ka milimita. Nthawi zambiri chofunika ndi kuonetsetsa kuti chigawo cha chokhethemulira chakhala bwino m'malo mwake ndipo tsinde lakankhidwa mpaka pamapeto. Woopsa ndi munthu wotopa, yemwe amalowetsa pini imodzi n'kuponya inayo m'thumba, kapena kuikapo msomali. Mapini awiriwo ndiwo amagwira tsinde pamene chitsulo cholemera chikubwerera m'mbuyo, cha kunkhope kwa wowombera, ndi mphamvu ya chipolopolo cha 7.62. Mfuti zakale za Lee-Enfield, zija za .303 zomwe asilikali a ku Nyasaland a King's African Rifles ankanyamula, zilibe pini yotere, komabe pa mtundu wa Mark III wa 1907 bawuti yogwira tsinde ili ndi nsonga ya ngodya zinayi yomwe imalowa m'kachitsulo ka thabwa lakutsogolo, ndipo woipota asanachotse thabwalo amaling'alula. Pa chifefe, chomwe alonda ambiri amachidziwa, bawuti yotalika kapena thabwa losasemedwa bwino mkati likhoza kukhudza zitsulo za chokhethemulira kapena za loko woletsa mfuti kulira, ndipo apa m'pamene vuto la tsinde limasanduka mfuti yolira popanda woikhethemula.

Alipo onena kuti pini yolimba ndi yabwino, ikusonyeza kuti mfuti ndi yothina, ndipo idzafewa yokha ikamagwira ntchito. Pa mfuti yongotuluka kumene kufakitale, mawu amenewa ali ndi choona chake, chifukwa zitsulo zatsopano zimakhaladi zothina mpaka zitazolowerana. Koma ife tikukamba za pini yomwe inali yofewa kwa zaka n'kulimba tsiku lomwe tsinde linasinthidwa. Chitsulo sichinenepa usiku umodzi. Ndipo kudikira kuti idzafewa yokha kuli ndi mtengo wake, chifukwa mfuti yovuta kutsegula imasiya kutsukidwa. Mlonda wobwera kuchokera kuphiri atanyowa ndiponso atatopa, yemwe akudziwa kuti kutsegula mfuti ndi nkhondo ya ola lathunthu ndipo mwina singatsekekenso, amangoipukuta kunja n'kuibweza mosungira. Mkati chinyezi chimatsalira. Zipolopolo zakale zausilikali, makamaka za .303 ndi zambiri za AK-47, zimasiya mu mpope mchere womwe umakoka madzi, ndipo m'nyengo ya chiperoni dzimbiri limayamba m'masiku owerengeka. Mfuti yadzimbiri mkati imatha kukana kulira pomwe moyo wa mlonda uli pachiswe, ndipo imathanso kulira pomwe sanafune, monga pamene kachitsulo kogunda chipolopolo kagwidwa ndi dzimbiri katatulukira kutsogolo.

Izi n'zofunika ku Mulanje kuposa malo ambiri chifukwa cha zomwe zikuchitika paphiri. Nkhalango ya phirili inakhala malo otetezedwa mu 1927. Mkungudza wa ku Mulanje, womwe unalengezedwa kukhala mtengo wa fuko lathu mu 1984, unadulidwa mpaka kafukufuku wa 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha, ndipo bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust pamodzi ndi nthambi ya zankhalango akhala akudzala mbande zambirimbiri kuti mtengowu usatheretu. Lamulo la zankhalango la 1997 linakonzedwanso mu 2020 ndipo zilango zinakhwima. Mu Julayi 2025 bungwe la UNESCO linaika phirili pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi. Zonsezi zikuloza kumodzi, kuti alonda okwera phiri adzachuluka, ena mwa iwo ali ndi mfuti, ndipo azikumana ndi ocheka matabwa ndi ootcha makala okhala ndi zikwanje ndi nkhwangwa. Azikumananso ndi amayi otola nkhuni, ana oweta mbuzi m'munsi mwa phiri, ndi anyamata onyamula katundu wa alendo kuchokera ku Likhubula. Anthu onsewa ali ndi ufulu woti mfuti yomwe ili m'manja mwa wantchito wa boma izichita zokhazo zomwe woinyamulayo wafuna. Ngakhale wocheka matabwa mozemba, lamulo limati agwidwe n'kukaonekera kukhoti, osati afe chifukwa loko wa mfuti anapanidwa ndi thabwa. Palinso china. Munthu akavulala ndi mfuti, mawu oyamba omwe amamveka kawirikawiri ndi akuti inangolira yokha. Ngati mfutiyo ili ndi buku losonyeza tsiku lomwe mmisiri anaiona ndi zomwe anapeza, khoti likhoza kuyesa mawuwo. Ngati ilibe, wonama amabisala, ndipo wonena zoona palibe amamukhulupirira.

Wina angati, nanga amisiri athu a pa Chitakale, pa Limbuli ndi pa Nkando alibe luso? Luso ali nalo, ndipo amene anaonapo wowotcherera akuukitsa chigayo chomwe zipangizo zake zinasiya kupangidwa kalekale sangawanyoze. Kalipentala wa ku Mulanje akhoza kusema tsinde lokongola kuposa la kufakitale. Koma luso lawo linakulira pa kukakamiza chinthu kuti chigwire ntchito ndi zomwe zilipo, kukulitsa bowo, kuwotcherera, kupinda, ndipo m'malo ambiri limeneli ndi luso lopulumutsa. Pa mfuti, miyeso ya fakitale ndiyo chitetezo, ndipo mmisiri wa mfuti amaphunzira makamaka zomwe sayenera kukhudza. Amayeza ndi zida zake mpata wa pakati pa chipolopolo ndi chitsulo chochitsekera, amadziwa kuti nati ya chubu imamangidwa mpaka pati, ndipo akamaliza amayesa ngati loko akugwira asanaibweze mfuti kwa mwini wake. Zimenezi sizipezeka pa msika, ndipo si chilungamo kumusenzetsa wowotcherera mlandu wa chinthu chomwe sanaphunzitsidwe. Kutengera mfuti kwa munthu wopanda chilolezo kumamuikanso iyeyo m'mavuto ndi lamulo, ndipo kumazoloweza malo ogwirira ntchito wamba kulandira mfuti, zomwe palibe wofunira Mulanje zabwino angakonde. Amene lero wakonza ya mlonda wodziwika, mawa adzavutika kukana ya munthu wosadziwika wobwera usiku.

Pamenepa m'pomwe pali chitsutso chachikulu, ndipo ndimachilemekeza. Ena amati kubweretsa luso lokonza mfuti pafupi ndi malire kuli ngati kuthandiza achifwamba, ndipo ndi bwino mfuti zizifa zokha. Mantha amenewa ali ndi mbiri. Nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 Okutobala 1992, itathamangitsira kuno anthu oposa miliyoni imodzi, ndipo Mulanje linali limodzi mwa maboma omwe anawalandira. Zida zambiri za nkhondoyo sizinabwerere mosungira, ndipo AK-47 inadziwika m'dziko muno chifukwa cha umbava wa zaka za m'ma 1990. Mu Disembala 1993 asilikali athu analanda zida za Malawi Young Pioneers pa Operation Bwezani, ndipo ena a gululo anathawira ku Mozambique. Kutsidyako, kuyambira 1995, bungwe la Christian Council of Mozambique motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane linkasinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga ndi makina osokera pofuna kuzichotsa m'midzi. Munthu wokumbukira zimenezi sangakondwe kumva za mmisiri wa mfuti ku Mulanje. Koma wachifwamba safuna mmisiri wa boma, ndipo sangabwere naye pafupi, chifukwa chinthu choyamba chomwe mmisiriyo amachita ndi kuwerenga nambala ya mfuti n'kuifananiza ndi ya m'kaundula. Mfuti yokondedwa ndi achifwamba ndi AK-47, yomwe imatseguka popanda pini yotere ndipo imapirira nkhanza zomwe mfuti zina sizingapirire. Kusowa kwa mmisiri sikumuvutitsa iyeyo. Kumavutitsa wapolisi, mlonda ndi mlimi wokhala ndi chiphaso, omwe ndiwo amafuna kuyenda m'lamulo.

Ndipotu mmisiri woyendera mfuti ndi njira imodzi yoziwerengera. Pa 14 Ogasiti 2001, atsogoleri a mayiko a SADC anasaina ku Blantyre konkuno pangano loyang'anira mfuti ndi zipolopolo, lomwe limafuna kuti mfuti zikhale ndi zizindikiro, zilembedwe m'kaundula, za boma ziziwerengedwa ndi kusungidwa bwino, ndipo zotha ntchito ziziphwanyidwa. Lamulo lathu la mfuti ndi la 1967, ndipo limafuna kuti mwini mfuti akhale ndi chiphaso chokonzedwanso chaka ndi chaka. Chiphaso chimanena za munthu ndi nambala. Sichinganene ngati mpope wadyeka, ngati loko akugwira, kapena ngati tsinde lomwe lilipo lero linachoka pa mfuti ina yomwe m'kaundula ikuonekabe ngati yamoyo. Funso lomalizali si laling'ono. Tsinde lililonse losinthidwa linachokera kwinakwake, ndipo mfuti yomwe yachotsedwa tsinde, kenako sipuling'i, kenako mapini, pamapeto pake imakhala chitsulo chomwe palibe akuchilondola, chosavuta kusowa. Munthu yekhayo amene angatseke mpata umenewu ndi wotsegula mfuti iliyonse ndi manja ake, kulemba chomwe wachotsa ndi komwe wachiika, ndi kutumiza zotsala kuti zikaphwanyidwe.

Za ndalama nazo sitingazilambalale. Boma la Mulanje likadali ndi mabala a namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023, yemwe anapha ndi kusowetsa anthu oposa 1,000 m'dziko muno, ndipo milatho, sukulu ndi minda zikufuna thandizo kuposa mapini a mfuti. Ndikuvomereza kuti pa mndandanda wa zosowa za anthu a kwa Mabuka, kwa Njema kapena kwa Nkanda, nkhani iyi ili kumunsi. Koma chomwe ndikupempha si nyumba yatsopano kapena ofesi ya anthu khumi. Amisiri a mfuti alipo kale ku usilikali ndi ku polisi, poti palibe gulu lonyamula zida lomwe lingayende popanda iwo. Kuchokera ku Limbe kudzera msewu wa Midima ndi ulendo wa ola limodzi ndi pang'ono. Chofunika ndi munthu mmodzi, bokosi la zida zake, thumba la tizipangizo ting'onoting'ono monga masipuling'i ndi mapini, ndi tebulo pa polisi ya pa Boma kwa masiku angapo kawiri pachaka, mvula isanayambe ndi ikangotha. Ulendo womwewo ukhoza kufika ku Phalombe ndi ku Thyolo. Maesiteti, makampani achitetezo ndi eni mfuti wamba alipire kangachepe pa mfuti iliyonse, ndipo tsiku lokonzanso chiphaso likhale lomwelo lomwe mmisiri akuiona mfutiyo. Mfuti imodzi yopulumuka ku tupa yabweza kale ndalama za mafuta a ulendowo, osanena za chipukuta misozi chomwe boma limalipira wantchito wake akavulaza munthu.

Malire a ntchito akhale omveka kwa aliyense. Woinyamula mfuti aphunzitsidwe kuitsegula, kuitsuka, kuidzoza ndi kuitseka, komanso kuzindikira pini yomwe yasintha kayendedwe kake, loko yemwe walimba kapena wafewa, ndi tsinde lomwe layamba kugwedera. Kupitirira pamenepo ndi ntchito ya mmisiri, kuphatikizapo kusintha tsinde, ngakhale kumaoneka kophweka, chifukwa monga taonera, pa mitundu yambiri kumakhudza zitsulo zomwe zili mkati. Zomwe ndafotokoza za kuyesa pini pa chigawo chapansi chokha sindinazilembere kuti aliyense adzisandutse mmisiri. Ndazilemba kuti mkulu wa alonda, wapolisi woyang'anira mosungira zida, ndi mwini chifefe adziwe kuti vutoli lili ndi zoyambitsa zodziwika ndi mankhwala otsika mtengo, ndipo asalole wina kuwauza kuti palibe chochita koma kuboola.

Chotsala ndi mlonda yemwe lero lomwe, pakati pa maulendo awiri a mmisiri, wapeza kuti pini yakakamira. Zomwe adzachite zidalira mmene mabwana ake amalandirira uthenga woipa. Kumene kunena kuti chida chawonongeka kumatanthauza kudulidwa malipiro kapena kutchedwa wosasamala, mlonda wolandira ndalama zochepa adzakhala chete, adzaimenya pini mobisa, n'kuibweza mfuti mosungira kuti mnzake wa usiku akaitenge osadziwa kanthu. Palibe mmisiri, ngakhale waluso chotani, amene angakonze vuto lomwe labisidwa kwa miyezi isanu. Choncho nthambi ya zankhalango, polisi ndi makampani olemba alonda aike polemba kuti wonena za vuto la mfuti tsiku lomwe waliona sadzalipitsidwa, kuti mfutiyo imangidwe kapepala n'kuchotsedwa pa mzere wa zogwira ntchito, ndipo mlondayo apatsidwe ina kapena atumizidwe ku ntchito yosafuna mfuti mpaka mmisiri atafika kapena mfutiyo itatumizidwa kwa iye. Wolipitsidwa akhale yemwe wapezeka kuti anakulitsa bowo, anaika msomali, kapena anaitulutsa mfuti kunja kwa mpanda kukaikonzetsa kwa munthu wopanda chilolezo.